TINATSATA GOMBE LA ZAMBEZI KUKAFUNA MANDA A MLONGO WANGA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu ambiri a kwathu kum'mawa akamva dzina la Livingstone, cimene cimadza m'maganizo mwao ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya basi. Amafika pa basi ya usiku, naona madzi alikugwa, najambulitsa cithunzi, m'mawa mwace nabwerera kwao. Ife a banja lathu tinapitako m'mwezi wa August 2023, ana atatsekera sukulu, koma kwa ife mathithiwo anali poyambira cabe. Ulendo weniweni unali wotsata gombe la mtsinje wa Zambezi kulowera kumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kukafika ku Sesheke. Kumeneko kuli manda amene amai anali asanawaonenso kwa zaka 45.

Nkhani yace iri tere. Atate, amene kwao ndi ku Katete, atatsiriza maphunziro a uphunzitsi anatumizidwa mu January 1976 ku kasukulu kena ka m'mbali mwa Zambezi, kufupi ndi boma la Sesheke. Masiku amenewo Boma la Dr Kenneth Kaunda linali kutumiza aphunzitsi, anamwino ndi apolisi kutali ndi kwao, kuti mitundu ya m'dziko lino idziwane. Amai anawatsatira caka comweco. Mwana wao woyamba, wamkazi, anabadwa mu 1977, namwalira ndi malungo mu March 1978, madzi atasefukira ndi kutseka njira ya kucipatala. Anamuika komweko pakati pa Alozi, popanda mbale ndi mmodzi yemwe wocokera kum'mawa, ndipo kalata ya maliro inafika ku Katete patapita masabata atatu. Mu August caka comweco asilikari a SWAPO, amene anali kumenyera ufulu wa Namibia, anawombera msasa wa asilikari a South Africa ku Katima Mulilo, tsidya lina la mtsinje, napha khumi. A South Africa anabwezera ndi mizinga pa Sesheke. Makolo anga anathawa ndi sutukesi imodzi. Ife ena tonse tinabadwira kum'mawa, ndipo ine, amene ndiri wotsiriza, mlongo wangayo ndimamdziwa pa cithunzi cimodzi cokha.

Kwathu nkhani imeneyi siinali kuchulidwa. Koma amai atadwala nthawi ya dzinja, nayamba kuona mwacimbuuzi, anandiitana nati, "Maso anga alikutha. Ndifuna ndikaone pamene tinasiya mwana ndikali kupenya." Mau otere mwana sawayankha ndi mawa.

Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, ndipo kucoka ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi ena pafupifupi 480. Za masiku awiri a m'basi sindinenapo zambiri. Miyendo ya amai inatupa, ana anga awiri nadya nthoci ndi mazira paliponse pamene basi inaima. Tinafikira ku Dambwa kwa mlamu wanga, amene ali ndi lole yaing'ono, ija anthu amati kanta, yonyamulira makala ndi tomato ku msika wa Maramba. Iyeyo ndiye anavomera kutitenga. Kumbuyo kwa loleyo anakungako mitengo, nafunditsa tenti yobiriwira, ndipo pansi pace tinayalamo matiresi atatu. Tinaikamo mbaula, thumba la makala, ufa, miphika, zigubu zinai za madzi, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo zokapereka kwa eni mudzi.

Pothira mafuta mu mseu waukulu wa Mosi-oa-Tunya tinapezapo Azungu ocokera ku South Africa alikukoka kalavani, ndiyo nyumba ya matayala yomangirira kumbuyo kwa galimoto. Mwana wanga wamkazi anasuzumira pakhomo pace, ndipo mwini wace anamlola kuona: munali bedi, citofu, firiji, ngakhale kacimbudzi komwe. Pobwera anayang'ana tenti yathu ndi nkhuku zija, nati kwa amai, "Ambuya, nafenso tiri nayo kalavani." Kuyambira pamenepo loleyo sinachedwenso dzina lina.

Tisananyamuke tinapita ku mathithi, pakuti kufika ku Livingstone osawaona ndi cinthu cocititsa manyazi. Mtsinje wonse, m'lifupi mwace mamita oposa 1,700, umagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100, ndipo utsi wa madzi umaoneka munthu akali kutali. Dzina loti Mosi-oa-Tunya, ndiko kuti utsi wogunda, linadza ndi Makololo. Eni dera, Aleya a mfumu Mukuni, amati Shungu Namutitima. David Livingstone anawaona mu November 1855, ndipo anacita kumlondolera ndi anthu a mfumu Sekeletu. Pa kamlatho kopapatiza ka Knife Edge tinanyowa tonse ngati tagwidwa ndi mvula ya mu January. Ana anakuwa ndi cimwemwe. Amai anafinya citenje cao, nafunsa mlamu ngati tinyamuka mamawa.

Atate maso ao anali pa mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1905, wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe. Anatiuza kuti pamene iwo anatsika sitima muno mu 1976, malire ndi Rhodesia anali otseka kuyambira 1973, ndipo anthu anali kukambabe za msonkhano wa mu August 1975, pamene Dr Kaunda ndi John Vorster wa ku South Africa anakomana m'ngolo ya sitima itaimikidwa pakati pa mlathowo. Mzindawu unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo nyumba zakale za makonde otambalala zikalipo. Wokhala ndi nthawi alowe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inayamba mu 1934. Ife nthawiyo tinalibe.

M'mawa mwace tinaturuka pa mseu wa Nakatindi, dzina limene limatikumbutsa mwana wamkazi wa ufumu wa Alozi amene anali mmodzi wa akazi oyamba kulowa m'nyumba ya malamulo mu 1964. Tisanapite patali mlamu anaimitsa lole, nazimitsa injini: njobvu zisanu zinali kudutsa mseu kunka kumadzi, zosafulumira konse. Kucoka apo mseu unali wabwino kufikira ku Kazungula, makilomita oposa 60, kumene mtsinje wa Chobe umathira mu Zambezi ndipo maiko anai, Zambia, Botswana, Namibia ndi Zimbabwe, amayandikana. Atate anali kuyembekeza kuona pantuni. Anadziwa kuti asilikari a Rhodesia anaimiza mu 1979, anamvanso pa wailesi za ngozi ya mu 2003 pamene ina inagubuduzika ndi lole yolemera, anthu 18 namira. Koma tsopano pali mlatho wa mamita 923, wotsegulidwa mu May 2021, umene anaumanga mokhota kuti upite ku Botswana osaponda dziko la Zimbabwe kapena la Namibia. Atate anauyang'ana nthawi yaitali, nawerenga malole a mkuwa amene anali kuwoloka, nafika pa 14, ndipo anati tiyeni.

Owerenga adziwe kuti kupitirira Kazungula mseu suyenda pamphepete penipeni pa madzi. Umalambalala madambo amene amamira m'dzinja, kotero wofuna kuona mtsinje ayenera kupatuka ndi kutsata tinjira ta mcenga. Ife tinapatukira ku Mambova, mudzi wa asodzi, ndipo tinapempha malo ogona kwa mkulu wa padooko. Anatilozera pamtunda pansi pa mitengo, natiletsa zinthu ziwiri: kusamba mumtsinje, ndi kutunga madzi kawiri pa malo amodzi, cifukwa ng'ona imapenya lero ndi kugwira mawa. Mkazi wanga, amene anakulira m'mbali mwa Luangwa, anati lamulo ndi lomwelo kwao.

Madzulo amenewo ndiwo sindidzawaiwala. Mtsinje pano ndi wotambalala ndi wodekha, wosafanana konse ndi cilombo cija cobangula pa mathithi, ndipo dzuwa polowa madzi onse anafiira. Asodzi anali kubwerako m'mabwato ao osema, amene amati mikolo, opalasa ali ciimire, nkhafi zazitali m'manja. Wa kwathu ataimirira tero angagwe asanapalase kawiri. Mkazi wanga anagula mceni, imene kuno amati ngweshi, nsomba ya mano ngati a galu ndi minga yambiri, koma yokoma pootcha ndi mcere. Msodzi amene anatigulitsa anadandaula kuti nsomba zacepa ndipo zikugwidwa zazing'ono. Anachula maukonde okoka a maso ang'ono, ena osokedwa ndi maneti a udzudzu, amene amasesa ndi ana omwe a nsomba. Boma limatseka usodzi caka ndi caka kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February kuti nsomba ziswane, koma iye anati tsidya linalo ndi dziko lina, ndipo nsomba siidziwa malire. Ine ndinaona kuti neti imene akokera mumtsinje ndi yomweyo imene ikanachinga mwana ku malungo, koma poona amai ali pafupi sindinanene.

Usiku kunazizira, mvuu zinali kulira pafupi, ndipo ana anakana kugona. Atate, uphunzitsi sunawathere, anawakhazika pa mbaula nawafotokozera cifukwa cace Cilozi cimamveka ngati cinenero ca kum'mwera. Makololo a Sebitwane anathawa nkhondo kum'mwera m'zaka zomwe Angoni a Zwangendaba anathawa. Angoni anawoloka Zambezi yemweyu kufupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Makololo anakwera kuno nagonjetsa Alozi. Ufumu wao unagwetsedwa mu 1864, koma cinenero cao cinatsala m'kamwa mwa anthu. Ena mwa Makololo amene anaperekeza Livingstone anakakhala ku cigwa ca Shire ku Malawi, nasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Mwana wanga wamwamuna anafunsa ngati madzi awa amafika kwathu. Atate anati iai, athu ndiwo amadza kwa awa: Luangwa amathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, limene kale linali Feira.

Tsiku laciwiri linali la mseu. Unakonzedwa bwino mu 2004, koma pa ulendo wathu phula linali litatsala zigamba, ndipo maenje ena anali otha kubisa mbuzi. Madalaivala anali atadzipangira njira zao m'mbali, mumcenga. Titawoloka mtsinje wa Kasaya ndi kulowa m'cigawo ca Kumadzulo, tayala la kumbuyo linaphulika, ndipo jeke inangomira mumcenga. M'dziko limeneli mwala sapezeka. Tinafuna ponseponse osaupeza ngakhale wophera mbalame, kufikira anyamata oweta ng'ombe anatibweretsera cipika ca mtengo wa tsanya. Pamene mlamu anali kulimbana ndi tayala, ife tinali kuyang'ana dambo la Simalaha, lathyathyathya kufikira kumene maso alekeza, ng'ombe za nyanga zazitali ziri mbuu. Amai ena anatigulitsa mabisi m'botolo, mkaka wowawasa umene kuno amadyera nsima. Amai analawa, natseka maso, nati, "Ndi womwewo." Ndiwo mau oyamba amene ananena okhudza masiku aja.

Tinagona ku Mwandi, mudzi waukulu wa pagombe kumene kuli bwalo la mfumu yaikulu Inyambo Yeta. Pano ndipo panali Sesheke wakale, pamene mfumu Sipopa inakhala m'zaka za m'ma 1870, ndi pamene amishoni a ku Paris anamanga mu 1885. Cipatala ca mishoni cikalipo. Ndikanakonda kulemba zambiri za Mwandi, koma tinafika kutada, tiri fumbi lokhalokha, ndipo tinanyamuka kusanace.

Kasukulu kaja tinakapeza dzuwa liri pamutu, titasocera kawiri. Atate sanakazindikire. Nyumba za dothi zimene iwo anaphunzitsiramo kulibe. Pali midadada ya njerwa ndi malata, ndiponso yamangidwa pamtunda, cifukwa mtsinje unadya gombe lakale. Mphunzitsi wacinyamata amene tinampeza anatilandira bwino, koma anabadwa atate atacoka kale. Pamenepo mtima wanga unatsika. Ndinaganiza za ndalama zimene tinasonkha, za miyendo yotupa ya amai, ndi za ulendo wobwerera wopanda kanthu.

Kumanda a eni ace mlendo sapita yekha, kuno monganso kwathu. Mphunzitsiyo anatiperekeza kwa nduna ya mudzi. Tinagwada pamcenga, tinaomba m'manja monga acitira Alozi, ndipo mkazi wanga anapereka nkhuku zija. Tsono ndinamva cinthu cimene sindinamvepo cibadwire: atate alikulankhula Cilozi. Poyamba anali kudodoma, mau akumacita kuwafunafuna, koma pang'ono ndi pang'ono lilime linamasuka. Nduna inamvetsera osadula mau. Itatha inati akulu a nthawi imeneyo ambiri anapita, ndipo mbali ina ya manda akale inatengedwa ndi madzi zaka za cigumula. Inatuma mnyamata kukaitana gogo wina wokhala kumapeto kwa mudzi.

Gogoyo anadza pang'onopang'ono ndi ndodo. Anapenya atate, osanena kanthu. Anapenya amai, nayandikira, nawagwira kumaso ndi manja onse awiri. Alozi, monga ife, amaitana mkazi ndi dzina la mwana wace woyamba, naika mau oti "bo ma" patsogolo. Gogoyo anaitana amai ndi dzina la mlongo wanga. Kwathu konse amai amadziwika ndi dzina la mkulu wanga wamwamuna, wobadwa mu 1980, ndipo panalibe munthu anawaitanapo ndi dzina linalo kwa zaka 45. Amai anakhala pansi pomwepo pamcenga. Tinamva pambuyo pace kuti gogoyo ndiye anasambitsa mtembo wa mwanayo, ndi kugona m'nyumba mwa amai masiku a maliro, pokhala analibe mbale wowakhalira.

Anatitsogolera kudzera m'minda youma ya mapira kufikira pa culu cacikulu, pamene pali mtengo wa mcenje. Dzina la mtengowu ndi limodzi m'Cilozi ndi m'Cinyanja, ndipo atate anati ndico cifukwa anasankha malowo, kuti pakhale cinthu cimodzi cimene mwana angacidziwe. Iwo akumbuka kuti mu 1978 kucoka pa mtengowo kufika kumadzi panali kamtunda ndithu. Ine ndinayesa ndi mapazi: anakwana 30. Mtumbira unaphwa kalekale. Gogoyo analoza ndi ndodo kum'mawa kwa culu, nati analimirapo caka ndi caka kufikira maondo anamkana.

Ndinayembekeza kuti amai adzalira mokweza monga pa maliro a kwathu. Sanatero. Anagwada, nasalaza mcenga ndi dzanja, nayamba kulankhula motsitsa, monga munthu alankhula ndi mwana wogona. Anamuuza kuti sanamtaye, inali nkhondo. Anamuwerengera abale ace onse maina mwa ukulu wao, amoyo ndi mmodzi amene anatsogola. Anandikoka dzanja nati, "Uyu ndiye mlongo wako wotsiriza, awa ndi ana ace." Ana anga anagwada osauzidwa. Atate anavula cipewa kuti apemphere, koma anangofika pakati, ndipo nduna inatsiriza m'Cilozi.

Mlamu wanga, poona kuyandikira kwa madzi, anafunsa ngati sikungatheke kufukula mafupa ndi kukawaika ku Katete. Nduna inati nkhani yotere iyenera kupita ku bwalo la mfumu, limene amati kuta, ndiponso kwa a Boma, koma siikana. Ine ndinali kumbali ya mlamu, pakuti ndinali nditayesa mapazi aja, ndipo ndidziwa kuti mtsinje umene wadya kale gombe sudzaleka. Amai anakana. Anati, "Wakhala kuno zaka 45. Amene anamlimira ndi awa. Musamsokoneze." Anapempha kacitini kamene munali tiyi, nadzazamo mcenga wa pamandapo. Posowa miyala, anyamata a m'mudzi anatuta zidutswa za njerwa kusukulu, ndipo tinazinga malowo. Usiku umenewo tinaimika kalavani yathu pabwalo la gogoyo. Nkhuku imodzi mwa ziwiri zija inabwerera kwa ife iri m'mbale, pamodzi ndi nsima imene kuno amati buhobe, ndipo amai ndi gogoyo anaceza m'Cilozi cosakaniza ndi Cinyanja kufikira makala anazima.

M'mawa tinapitiriza kufika ku boma la Sesheke kukathira mafuta ndi kumatitsa tayala. Atate anafuna kuona tsidya lija kumene mizinga inacokera. Namibia inalandira ufulu mu 1990, ndipo kuyambira 2004 pali mlatho wa mamita pafupifupi 900 pa Zambezi, umene mseu wace umalowa ku Katima Mulilo. Tinaima pagombe. Amai ena anali kubwerako ndi shuga ndi mafuta ophikira pamutu, anyamata alikukankha njinga zolemedwa ndi katundu. Atate anafunsa mmodzi wa anyamatawo ngati anamvapo za mabomba a mu 1978. Anati ambuye ace amakambako nthawi zina, nafunsa ngati tifuna kusintha ndalama.

Pobwerera amai anakana kukhala kutsogolo ndi dalaivala. Anakwera kumbuyo pa matiresi pamodzi ndi adzukulu, nkhope kuloza kumene tinacokera. Pa dzenje lirilonse la mumseu, kucoka ku Sesheke kufikira ku Kazungula, ndinawaona alikutsendereza civundikiro ca kacitini kaja ndi cala, kuti mcenga ungatayike.